Khadi la Malemu

Bokosi limene linkakhala pamwamba pa kabati linatsika Lamulungu masana, ndipo amene analitsitsa anali apongozi ake a Chipeso, mayi oti pokwera basi amafuna anthu awiri owakankha kumbuyo. Tsiku limenelo anakwera pampando okha, nalifungatira ngati khanda, bondo osalitchula n'komwe.

Chipeso anaona zonsezo ataima pakhomo la kukhitchini, mbale yonyowa ili m'manja. Dzinali anam'patsa ndi makasitomala a kusaluni kwake, chifukwa chipeso chake chinkakhala chozikidwa m'tsitsi kuyambira m'mawa, moti nthawi zina ankasanthula madilowa onse kuchifuna chili pamutu pomwepo. Anakwatiwa m'nyumbamo chaka chathachi ndi bambo wokonza mafiliji, munthu wofatsa moti ngakhale udzudzu ankaupepesa asanauphe. Mkazi wawo woyamba anamwalira n'kuwasiyira mwana wamkazi, amene onse ankamutcha Njuchi. Anali ku sekondale tsopano, ndipo aliyense amene anayankhidwapo ndi mtsikanayo sankafunsanso kumene dzinalo linachokera.

M'bokosimo simunali makhadi a juga ayi. Munali masewera amakono aja a patebulo, a ulendo wa sitima yapamadzi. Anthu anayi amakhala gulu limodzi, kulimbana ndi namondwe, njala ndi matenda. Kuipa kwake, masewerawa saiwala. Zimene zachitika lero mumazimata ndi masitika pabolodi, zilumba mumazilemba mayina ndi bolopeni, ndipo Lamulungu linalo mumayambira pomwe munalekezera. Aliyense ali ndi khadi la munthu amene iye ali m'sitimamo. Bambo a Njuchi anali kaputeni, mng'ono wawo anali wa ku injini, Njuchi ankawerenga mapu, ndipo malemu anali dokotala. Malemuwo atagonekedwa m'chipatala, ulendo unaima pakati pa nyanja. Sitima inakwera pakabati, n'kufunditsidwa nsalu.

Apongozi ankawakonda malemu kuposa ana awo obereka okha. Ndiye Chipeso atabwera, iwo sanaone mkazi watsopano, anaona chigamba. Tsiku loyamba anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi nati, "Msinkhu ndi womwewo, Mulungu ngwabwino." Anamupatsa kapu ya malemu. Anamusonyeza mbali ya bedi imene malemu ankagona, ngati kuti bedi lili ndi mbali zambiri. Anamubweretsera madilesi a malemu atasitasita, ndipo Chipeso, pofuna mtendere, anavalapo limodzi lamaluwa achikasu. Njuchi atamuona anangosiya supuni m'mbale, tsiku lonse osadyanso. Ndipo kuyambira pachiyambi apongoziwo ankamuitana kuti amake Njuchi, dzina limene mwini wake ali kumanda.

Zonsezo Chipeso anameza. Koma mmero nawo uli ndi polekezera.

"Amake Njuchi, pukutani m'manja mubwere," anatero apongozi akuyala bolodi patebulo lodyera. "Nyumba ino yakhala chete mokwanira. Lero sitima inyamuka."

Mlamu wake, mng'ono wa bambo uja, anali atafika kale, akupukuta magalasi ngati munthu woti waitanidwa kudzachitira umboni mlandu wosaudziwa. Bambo a Njuchi anakhala pansi, maso ali pabolodi, pomwe panali zilembo za mkazi wawo woyamba, zopendekera kumanja. Njuchi anatuluka m'chipinda chake atapinda manja, nakhala m'mphepete mwa mpando.

Apongozi anakoka mpando wa pawindo. Patsogolo pake anaikapo kachidole kachikasu ndi khadi lalikulu lokutidwa m'kapepala ka pulasitiki. Linali lodzaza masitika mbali zonse, chifukwa dokotala ameneyu anali atapulumutsa sitima kambirimbiri, ndipo pamwamba pake panali dzina la malemu, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe.

"Apa ndi panu," anatero. "Dokotala ndi uyu. Zonse anakukonzerani kale mnzanu, inu n'kungopitiriza."

Chipeso anapukuta m'manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Amayi, khadi limenelo lili ndi mwini wake."

"Mwini wake anapuma. Khadi silinapume."

"Ndiye lipume naye limodzi."

Mlamu anavala magalasi, nawavulanso. Apongozi anaseka kuseka kopanda mano, kuja amaseka akulu akafuna kukupatsa mpata woti ubweze mawu.

"Mwana wanga, popanda dokotala sitima imeneyi imira. Funsani alamu anuwa."

"N'zoona ndithu," anatero mlamuyo motsitsa mawu. "Kutsogoloku kuli mliri. Ndinasuzumira kale."

"M'bokosimo ndikuona makhadi ena osalembedwa," anatero Chipeso. "Amenewo ndi a yani?"

Mlamu anakanda m'mutu. "Amenewo ndi a munthu wolowa pakati pa ulendo. Koma ndi opanda kanthu, alamu. Mulibe mphamvu iliyonse. Mumayamba ngati wokolopa m'sitima."

"Kukolopa ndimadziwa. Ndipatseni limenelo."

Apongozi anamenya tebulo, madayisi n'kudumpha. "Ine ndinakulandirani m'nyumba ino ndi manja awiri. Malo ndinakupatsani otenthera kale. Kapu, zovala, mwana wamkulu woti simunamuvutikire ndi thewera limodzi lomwe. Lero ndikukupatsani ulemu wa mnzanu, inu mukufuna chikolopa?"

"Munandipatsa zonse, amayi, zoona. Chimene simunandifunsepo n'chakuti ine ndinabwera ndi chiyani."

"Munabwera ndi chipeso m'mutu."

"Chimenecho ndi changa. M'nyumba muno ndi chokhacho chimene sichinali cha munthu wina."

Apongozi anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, ukungokhala ngati filiji yozima. Mkazi wako akundiyankha chonchi uli pompo?"

Bambo a Njuchi anadzutsa mutu. Anayang'ana amayi awo, anayang'ana mkazi wawo, kenako anasankha kuyang'ana madayisi, poti madayisi sakwiya.

"Mayi, tangotengani khadilo," anauza mkazi wawo chapansipansi. "Ndi masewera chabe."

Mawu amenewo ndi amene anam'baya Chipeso kuposa onse a apongozi. Misozi inalengeza m'maso, koma mawu ake sananjenjemere.

"Masewera chabe? Ndiye bwanji mumadzuka n'kumakasisita bokosi limeneli mukamaganiza kuti ine ndili kubafa? Bwanji nditafuna kupukutapo fumbi munandigwira dzanja? Musandinamize, bambo. Si masewera chabe, ndipo inu mukudziwa. Mukufuna mukweze maso pawindopo muone dilesi lachikasu, kachidole kachikasu, mumve ngati sanapite. Ine ndinakukondani ndikudziwa kuti munali ndi wina. Sindinabwere kudzamuchotsa. Koma sindinabwerenso kudzamuvala."

Anataya kansalu kopukutira mbale patebulo, nalowa kuchipinda. Chitseko anachimenyetsa moti chithunzi cha pakhoma chinapendekeka.

Kuchipindako anatsitsa sutikesi yake yomwe anabwera nayo. Analira, inde, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina, uku akuponyamo zovala. Ndipo poponyamo anaona chinthu chomwe chinamuseketsa pakati pa misozi: zake zenizeni sizinadzaze ngakhale theka la sutikesi. Zina zonse m'kabatimo zinali za malemu. Anazitola zonse pamodzi ndi mahang'ala ake, natuluka nazo, nakaziunjika pamiyendo pa apongozi.

"Izi ndi za mwana wanu amene mumam'konda. Musunge, kapena mupatse Njuchi akadzakula. Ine ndikupita kwa achemwali anga. Mukapeza wina wa msinkhu womwewo, mumuyeze kaye mmero."

Apongozi, atakwiririka ndi madilesi mpaka pachibwano, anayamba kulira mokweza, kuitana malemu, kuwauza kuti adzaone zimene zalowa m'nyumba mwawo. Kenako anatulutsa dzanja limodzi pansi pa muluwo, nakankhira khadi lija kwa mdzukulu wawo.

"Njuchi, tauza mayi akowa. Auze kuti ukufuna dokotala abwerere."

Chipeso anaima ndi sutikesi m'manja, akudikira mbola, poti kwa mwana ameneyu anali asanalandirepo china. Njuchi anatola khadilo, nalipukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi.

"Agogo, mukanawakhazika pampandopo ndi khadi ili, amene akanatuluka ndi sutikesi ndi ineyo."

"Iwe mwana, ukuti chiyani?"

"Amayi ankanyambita chala asanatole khadi. Ankabera poponya madayisi, tonse tinkadziwa. Antiwa sadziwa zimenezo. Akanangokhala pamenepo ngati chidole cha m'sitolo chovala zovala za amayi, ine n'kumawayang'ana Lamulungu lililonse." Misozi yake inagwera pa pulasitiki ija. "Ndinkadana nawo chifukwa ankavomera zonse. Kapu avomera. Dilesi avomera. Ndinkati kenako avomeranso kuti anandibereka."

Ananyamuka ndi khadilo, nakalowa nalo m'chipinda chake. Naye anamenyetsa chitseko, poti m'nyumba imeneyo tsiku limenelo zitseko zinalibe mwayi. Atatulukanso, m'manja munalibe kanthu. Anapisa m'bokosi, natulutsa khadi loyera lija ndi bolopeni, naziika kutsogolo kwa mpando wina, osati wa pawindo.

"Anti, musaganize kuti ndakukondani," anatero akupukuta mphuno. "Tikungosowa wokolopa."

"Nawenso usaganize kuti ndakhala chifukwa cha iwe," anayankha Chipeso. "Sutikesiyi ndaisiya pakhomo pomwepa, yotseka."

Sanakhale pansi msanga. Anayang'ana mwamuna wake, nadikira. Bamboyo anaimirira, nanyamula mpando wa pawindo uja, nakauika kukhoma. Kenako anachotsa madilesi pamiyendo pa amayi awo limodzilimodzi, akuwapinda bwinobwino.

"Amayi," anatero, thukuta lili pamphumi ngati wanyamula filiji yekha, "uyu si amake Njuchi. Ndinalakwa kukusiyani muzimutcha choncho. Mukafuna kumuitana, ali ndi dzina lake."

"Ndiye mwandigwirizanira," anatero apongozi. Ananyamuka, bondo lija n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti limapweteka, natsimphina mpaka pakhonde. Koma chitseko anachisiya chotsegula, mpando n'kuutembenuzira mkati, chifukwa kukwiya ndi kwina, kuphonya nkhani ndi kwina.

Chipeso analemba dzina lake pakhadi loyera, akusindikiza bolopeni mpaka zilembo zinatulukira kuseri. Anasankha kachidole kofiira. Ndipo anasewera moipa, kuipa koti mlamu anavula magalasi kuti asaone. Mliri utabwera analibe mankhwala. Namondwe atabwera anatola khadi lolakwika. Pomwe Njuchi anati sitima ikhotere kumanzere, iye anakankhira kachidole kumanja, akutsutsa kuti kumanzere kukuoneka kwa anthu amantha. Sitima inakagunda mwala, katundu yense n'kumira.

"Dokotala akanakhalapo sizikanatero," anatero mawu ochokera pakhonde.

"Akanakhalapo ine sindikanakhalapo, amayi," anayankha Chipeso osatembenuka. "Alamu, tikaluza timatani?"

Mlamu anawerenga khadi la mapeto a tsikulo, akudziletsa kuseka. "Akuti timate sitika ya mwala pomwe tagundapo. Ikhala pomwepo mpaka ulendo udzathe, sichotsedwa. Ndipo mwalawo tiupatse dzina."

Njuchi anali atatola kale bolopeni. Anamata sitikayo pakati pa nyanja, pafupi ndi chilumba chomwe amayi ake anachitcha dzina, nawerama kuti alembe.

"Ukulemba chiyani?" anafunsa bambo ake.

"Dzina la amene watigundisa. Anthu adziwe."

Chipeso anasuzumira, naona chilembo choyamba cha dzina lake chikukhala pabolodi la banjalo, ndi inki yosafufutika. Anakoka mpando wake kuyandikira tebulo.

"Lemba zikuluzikulu, mwanawe," anatero. "Agogo ako maso anafooka, ndipo akuwerengera patali."