Mpendadzuwa wa Kabatani

Kabatani ankafuna dzuwa. Sankafuna lambiri ayi. Ankafuna la pazenera limodzi basi.

Kabatani anali mtsikana wamng'ono. Anali wamfupi, wa masaya obulungira. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake. Bambo akewo anali telala. Ankakonda kunena kuti, "Iwe ndiwe kabatani kanga. Ukatayika, malaya anga onse atseguka."

Koma nthawi yozizira bambo anadwala. Anapita kuchipatala. Sanabwereko. Anamwalira komweko.

Amayi anatseka chipinda chosokera. Anakiya chitseko. Kiyi anamuponya m'thumba la epuloni. Makina osokera anangoti zii. Nyumba yonse inangoti zii.

Kuzizira kunatha. Mitengo ya mumsewu inayamba kuphukira. Pa holo ya m'dera lawo anamatapo chipepala chachikulu. Kunayamba maphunziro. Akuluakulu ankaphunzira kuwerenga. Anyamata ankaphunzira kukonza njinga. Ana ankaphunzira kudzala mbewu, Loweruka lililonse m'mawa.

Wophunzitsa anawo anali mayi wina wa chipewa chachikulu. Chipewacho chinkayamba kulowa pakhomo, eni ake n'kumabwera pambuyo. Ana ankangowatcha a Chipewa.

"Aliyense atenge kachitini," anatero a Chipewa. "Mbewu ndikupatsani ine. Loweruka lomaliza kudzakhala chionetsero. Makolo adzabwera kudzaona."

Kabatani anakweza dzanja. "Ine ndili nazo zanga," anatero.

Anatambasula chikhatho. Panali njere zitatu. Zinali njere za mpendadzuwa. Anazipeza m'thumba la jekete la bambo ake. Bambo analonjeza kuti adzadzala naye kukafunda. Tsopano kunja kunafunda, koma bambo kunalibe.

A Chipewa anaziyang'ana njerezo. Anamuyang'ananso Kabatani. "Chabwino, mwana wanga," anatero. "Koma mpendadzuwa ndi wadyera. Dzuwa sulikhuta."

Kabatani anadzala njere zitatu m'tizitini titatu. Anatinyamula mosamala mpaka kunyumba.

Nyumba yawo inali pakati pa zipupa zitalizitali. Zenera la kukhitchini linkayang'ana chipupa. Zenera la kuchipinda chogona linkayang'ana chipupa. Zenera la dzuwa linali limodzi lokha. Linali m'chipinda chosokera.

"Amayi, titsegule chipinda cha bambo?" Kabatani anafunsa.

Amayi ankatsuka mbale. Manja awo anaima m'madzi. "Osati lero, mwanangu," anatero.

Njere yoyamba sinamere. Kabatani anadikira, anadikira. Anafukula ndi chala. Anapeza itawola.

Njere yachiwiri inamera. Kabatani anaitulutsa panja, m'mbali mwa msewu. Kumeneko dzuwa linalipo. Koma mpira wa anyamata unaliponso. Mpira unabwera, phu! Kambewu kanathyoka pakati. Anyamata anapepesa. Koma pepani salumikiza mbewu.

Inatsala njere imodzi. Nayo inamera. Koma kambewuko kanali koonda. Kanali kotuwa. Kankangotalika, masamba osakula.

"Amayi, titsegule chipinda cha bambo?"

Amayi ankasita zovala. Sanadzutse mutu. "Osati lero, mwanangu."

Loweruka linafika. Ana anandandalika zitini zawo pa tebulo la mu holo. Mbewu za anzake zinali zobiriwira. Zinali zonenepa. Ka Kabatani kanali kozyolika.

"Kameneko ndi kambewu kapena ulusi?" mnyamata wina anafunsa. Ana anaseka. Kabatani sanaseke.

A Chipewa anagwada pafupi naye. "Kakudwala, mwana wanga," anatero. "Kali ndi njala ya dzuwa. Kakapanda kulipeza sabata ino, kafa. Tenga mbewu yanga iyi. Taona kubiriwira kwake."

Kabatani anapukusa mutu. "Imeneyo si ya bambo."

"Ndiye undipatse kakoko. Ndikakasunge kwathu. Kwathu dzuwa ndi losayamba."

Kabatani anakumbatira kachitini kake. "Ayi," anatero. "Bambo anapitanso kukasungidwa kuchipatala. Sanabwere."

A Chipewa anavula chipewa chawo chija. Anapukuta m'maso.

Tsiku lotsatira Kabatani anadzuka m'mawa. Anakakhala pa chitseko chokiya chija. Ankamva chisoni kwambiri. Kenako anaona kanthu pansi. Pansi pa chitseko panali kampata. Pa kampatapo pankatuluka kadzuwa. Kanali kakang'ono ngati tepi yoyezera.

Kabatani anathamanga. Anatenga kachitini kake. Anakagoneka cham'mbali, pafupi ndi kampata. Naye anagona pansi pomwepo. Dothi anatchinga ndi dzanja kuti lisatayike.

Kadzuwa kakasuntha, iye ankasuntha kachitini. Kakasunthanso, ankasunthanso. Simenti inali yozizira. Dzanja linachita dzanzi. Koma Kabatani sanadzuke.

Amayi anatulukira atanyamula tsache. "Iwe, ukutani pansipo? Udwala chimfine!"

"Ndikukadyetsa dzuwa, amayi," anatero Kabatani. "Likutulukira apa. Koma ndi lochepa. Sikakukhuta."

Amayi anaima chilili.

"Kakafa, basi zatha," anatero Kabatani. "Ndafufuza matumba onse a bambo. Mulibenso njere ina."

Tsache linagwa pansi. Amayi anakhala pa simenti. Anagwira kumaso. Analira. Kabatani anali asanawaonepo akulira choncho.

"Mwanangu, sikuti ndimakukaniza dala," anatero amayi. "Ndimaopa. Ndikatsegula, ndiona mpando wa bambo ako. Pampandopo palibe munthu."

Kabatani anadzutsa kachitini kake. Anapukuta dzanja pa diresi. "Ndikugwirani dzanja, amayi," anatero. "Tilowa awiri."

Amayi anayang'ana kambewu kozyolika kaja. Anayang'ana mwana wawo. Kenako anapisa dzanja m'thumba la epuloni.

Kiyi anazungulira. Chitseko chinalira, kwiii!

M'chipindamo munali fumbi. Munkamveka fungo la nsalu ndi mafuta a makina. Lumo linali pa tebulo. Tepi yoyezera inali pa mpando. Zonse zinali monga bambo anazisiyira.

Amayi anaima pakhomo. Kabatani anawagwira dzanja zolimba. Anayenda awiri mpaka pa zenera. Anakoka katani awiri.

Dzuwa linalowa lonse. Linadzaza pa tebulo. Linadzaza pa makina. Linadzaza pa mpando paja.

Kabatani anaika kachitini pa zenera. Amayi anatola kamtengo kowongoka. Anadula ulusi wa pa makina. Anamangirira kambewu kuti kasagwe. Kenako anakhala pa mpando wa bambo. Anamunyamula Kabatani pa miyendo. Analira onse awiri, dzuwa likuwawomba kumsana.

Lolemba kambewu kanali kozyolikabe. Lachiwiri kanali kozyolikabe.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero amayi.

Lachinayi Kabatani anakuwa. "Amayi, bwerani! Kadzutsa mutu!"

Masiku anapita. Tsiku la chionetsero linafika. Mu holo munadzaza anthu. Akuluakulu anawerenga makalata awo mokweza. Anyamata anaonetsa njinga zawo. Ana anandandalika zitini pa tebulo lalitali.

Mpendadzuwa wa Kabatani unali waufupi kuposa mbewu zonse. Duwa unalibe. Koma unali wobiriwira. Unali ndi masamba asanu ndi limodzi. Unaima wokha, popanda ulusi.

A Chipewa anawerama kuti auone bwino. Chipewa chinatsala pang'ono kugwetsa zitini za eni.

"Dzuwa unalipeza kuti, mwana wanga?"

"M'chipinda cha bambo," anatero Kabatani. "Munali lambiri. Linangotsekeredwa."

Amayi anali kumbuyo kwake. Anamugwira paphewa. M'maso mwawo munali misozi, koma ankamwetulira.

Atabwerera kunyumba, Kabatani anabwezera kachitini pa zenera. Anakathirira madzi pang'ono. Amayi anapukuta fumbi pa makina. Anapinda tepi yoyezera bwinobwino.

Potuluka, amayi anagwira chitseko. Anatulutsa kiyi m'thumba. Anamuyang'ana Kabatani.

"Titseke?" anafunsa.

Kabatani anapukusa mutu. "Osati lero, amayi."

Amayi anaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirireni bambo. Kiyi anamupachika pa msomali. Chitseko anachisiya chotsegula.