Magazi a Eneya

Fyness Makina anali mu Fomu 2 pamene analonjeza. Bambo ake anali pamphasa kuseri kwa nyumba yawo ku Chiringa, mutu ukugwedezeka, manja akuponyeka uku ndi uku ngati munthu wovina popanda ng'oma. Fyness ankawamwetsa phala, koma lambiri linkathera pachifuwa. Mchimwene wake wamkulu, Eneya, anaima chapatali akuyang'ana. Agogo awo anafa ndi nthenda yomweyo, azakhali awonso chimodzimodzi.

"Ikadzandigwira ineyo, adzandidyetse ndani?" anafunsa Eneya ngati nthabwala.

"Ine, achimwene," anayankha Fyness osaseka. "Kaya ndidzakhala kuti, ndidzabwera. Ine ndili moyo, simudzadyetsedwa ndi munthu wina."

Mtsikanayo anali ndi mutu. Sukulu inamutengera ku Zomba, kenako ku Ulaya, komwe anakhala dokotala wofufuza matenda a ubongo. Kumeneko anaphunzira kuti nthenda ya kwawo si ufiti. Imachoka kwa kholo kupita kwa mwana, imapha ubongo pang'onopang'ono, ndipo ilibe mankhwala. Anadziyeza yekha, napeza kuti iye inamulambalala. Zaka zinapita akuweta mbewa zoyera mu labotale, kuzidwalitsa dala, n'kumaunika ubongo wawo pa makina. Maliro a bambo ake anawamvera pafoni, a mayi akenso pafoni.

Koma ntchito ya kafukufuku ili ngati munda wobwereka. Tsiku lina pulofesa wake anamuuza mosabisa kuti akapanda kubweretsa chinthu chatsopano, chaka chamawa malo ake atenga wina. Chatsopanocho Fyness ankachidziwa: magazi a munthu wa ku Africa wodwala nthendayi, poti oterowo anali asanafufuzidwe mokwanira. Mwezi womwewo mlamu wake Aliness, mkazi wa Eneya, anaimba foni kunena kuti mwamuna wake sakuthanso kugwira supuni.

Fyness anatera pa ndege ku Blantyre, nachita hayala galimoto ya magalasi akuda, woyendetsa wake dzina lake Goodman. Analawirira m'mamawa. Pa Migowi anafunafuna mtengo wa mango umene ankadikirirapo matola kalelo, koma pamalopo panali kashopu ka mafoni, sipika ikulira ngati ikukalipira anthu odutsa. Phiri la Michesi anali atalimeta mpala, ndipo m'nthiti mwake munali zipsera zofiira za namondwe. Phiri limene ankalilota kunja kuja silinali limeneli.

Eneya anali mkamwini m'mudzi wa kwa mkazi wake, m'tsinde mwa phirilo. Kumeneko kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa nkhope ya Fyness.

Anamupeza pakhonde. Anali bambo awo enieni: mutu womwewo, manja omwewo. Fyness anagwada pambali pake.

"Wabwera," anatero Eneya. Mawu ake ankatuluka mokoka. "Akuti umaweta mbewa kumeneko. Zowamba wabweretsako?"

Aliness anaseka akupukuta misozi ndi chitenje. Mwana wawo Ennie, wa Fomu 1, anatuluka ndi mbale ya phala.

"Apatse azakhali ako," anatero Aliness. "Alamu, chimvereni kuti mukubwera, akhala akuuza aliyense kuti mchemwali wawo akudzawadyetsa. Lero akana kuti mwanayu awagwirire supuni. Mwina tsopano Ennie abwerera kusukulu, wajomba mokwana."

Fyness analandira mbale ija. Inali yofunda bwino. Anaiyang'ana, kenako anaiika pansi.

"Phala lidikire pang'ono," anatero. "Ndikufuna nditenge kaye magazi. Amafunika munthu asanadye."

Goodman anatsitsa bokosi loyera lokhala ndi ayisi mkati. Fyness anatulutsa singano ndi timabotolo. Nkhope ya Aliness inasintha.

"Alamu, osati pabwalo. Kuno anthu sanaiwale za anamapopa."

Zaka zingapo m'mbuyomo kunabuka mphekesera yoti alendo akubwera pa magalimoto kudzapopa anthu magazi, ndipo ena osalakwa anaphedwa. Fyness anaziwerenga ali kunja, napukusa mutu, n'kupitiriza ntchito yake.

"M'nyumbamo muli mdima, mtsempha sindiuona," anayankha. "Zaumbuli zimenezo zisatichedwetse. Ayisiyu sachedwa kusungunuka."

"Tadikirani ndikaitane alangizi a zaumoyo, kapena amalume anga, anthu adziwe kaye kuti ndinu ndani."

"Ndi kanthawi kochepa chabe, alamu."

"Mankhwala ake wabwera nawo?" anafunsa Eneya.

"Ayi, achimwene. Koma magazi anuwa atithandiza kuwafunafuna."

Eneya anayang'ana Ennie, natambasula dzanja. Koma dzanjalo silinkamvera mwini wake. Linathawa singano koyamba, linathawanso kachiwiri. Fyness anaitana woyendetsa galimoto uja.

"A Goodman, tadzawagwirani mwamphamvu."

Goodman anapanikiza phewa la wodwalayo ndi bondo, nakanikiza mkono pansi. Singano inalowa. Kabotolo koyamba kanadzaza, kachiwiri, kachitatu.

Nthawi yomweyo mayi wina ankachokera kumjigo. Chimene anaona ndi ichi: galimoto yakuda, mwamuna wachilendo atakwera pa munthu wodwala amene ankaphupha, ndi mkazi wovala magolovesi akudzaza magazi m'botolo. Ndowa inagwa.

"Mayo! Anamapopa! Anamapopa kwa a Eneya!"

Wezulo analira kumunsi, wina nayankha kumtunda. Anthu anatuluka m'minda ya chinangwa ndi makasu ndi zikwanje. Anyamata ankatola miyala akuthamanga. Fyness asanatseke bwino bokosi, bwalo linali litadzaza.

Aliness anaima kutsogolo kwa khonde, manja atatambasula. "Imani! Uyu ndi mlamu wanga, mchemwali wawo wa bambo a Ennie! Ndi dokotala!"

"Mlamu wanji amene sitinamuonepo?" anakuwa bambo wina wa chikwanje. "Pa maliro a mayi ake ku Chiringa ine ndinakumba nawo manda. Iyeyu anali kuti?"

"Dokotala amabwera ndi mankhwala, uyu wabwera ndi zotungira!"

"Ngati ndi m'bale, atsanule magaziwo pansi tione!"

Fyness anayesa kufotokoza za ubongo ndi za nthenda yotengera kumtundu, koma Chichewa chake chinkaterereka n'kugwera mu Chingerezi, ndipo liwu lililonse lachilendo linkawonjezera phokoso. Aliness anamugwira mkono, nalankhula motsitsa.

"Alamu, mudzi uno ndi wa kwathu, anthuwa ndikuwadziwa. Tsanulani. Galimoto ipite, inu mukhale pamphasa apa, mutenge supuni. Munthu amene akudyetsa m'bale wake samugenda."

"Simukumvetsa! Magazi awa akhoza kudzapulumutsa Ennie!"

Zimenezo mwina zinali zoona. Zinalinso zoona kuti m'timabotolomo munali ntchito yake, dzina lake, ndi zaka zonse zimene anathera pa mbewa. Akawataya lero, ndani m'mudzi muno adzamulolenso kutulutsa singano? Anakumbatira bokosi lija pachifuwa, natembenukira kwa mchimwene wake.

"Achimwene, chonde auzeni! Auzeni kuti mwavomera nokha!"

Eneya anayesetsa. Khosi linapindika, milomo inakokeka, anthu nakhala chete kuti amve. Mawu atatuluka, sanapite kwa anthuwo.

"Fyness... phala... likuzizira."

Mwala unagwera pagalasi la kutsogolo la galimoto, nalisiya ndi ming'alu. Goodman anali atalowa kale, injini ikulira.

"Madamu, ine ndili ndi ana! Ndikupita, mulipo kaya mulibe!"

Ennie anatola mbale ija pansi, naitambasulira kwa azakhali ake ndi manja awiri. Fyness anayang'ana mbale, anayang'ana bokosi. Manja ake anali awiri okha.

Chitseko cha galimoto chinamenyeka. Miyala inawatsatira mpaka pa mlatho, ndipo Fyness sanacheuke kufikira Michesi litabisika ndi fumbi.

Magaziwo anafika ku Ulaya ali bwinobwino. Pulofesa anasangalala, ntchito ya Fyness inawonjezeredwa, ndipo zotsatira za kafukufuku wake zinasindikizidwa m'magazini ya akatswiri. M'menemo Eneya ankatchedwa Wodwala Woyamba. Mankhwala anali asanapezekebe.

Eneya anamwalira mvula yotsatira itangoyamba. Kufikira tsiku lake lomaliza ankamudyetsa ndi Ennie. Fyness sanamudyetse ngakhale supuni imodzi.