Dzanja pa Sikelo

Zinayamba m'nyengo yozizira, pamene kuno ku Duluth mdima umagwa anthu asanaweruke. Yolanda Prewitt, amene ankayang'anira makina odzilipirira wekha m'sitolo yathu ya zakudya, anamva makina a pakona akulankhula popanda munthu pafupi. Anali mawu aja ojambulidwa a mzimayi wosadziwa chisoni, onena kuti pa sikelo paikidwa katundu wosalipiridwa, achotsedwe. Pa sikelopo panalibe kanthu, ngakhale jumbo. Yolanda anapukuta chitsulocho, nadutsitsa khadi lake la ntchito kuti makinawo atonthole.

Mawa lake madzulo zinachitikanso, mkuja chimodzimodzi. Wokonza makina anabwera, anatsegula, anasuzumira, n'kunena kuti zonse zili bwino. Koma sitolo ikangoti zii, mafiriji okha akung'ung'udza, mphepo ikukwapula magalasi ndi chipale chofewa, munthu ankamva chitsulo cha sikelo chikulira pang'onopang'ono ngati bedi lakale wina akakhalapo, kenako mawu aja. Kulemerako sikunali kwa chitini kapena buledi. Kunkabwera mwapang'onopang'ono, kukukwera ndi kutsika ngati kupuma kwa munthu wotopa.

Atsikana ogulitsa buledi m'sitolomo anayamba kunong'onezana dzina la Bambo Leland Tuck. Nkhalamba imeneyi inagwira ntchito kudoko moyo wake wonse, ndipo mtima utayamba kuivuta inkatsamira sikelo polipira, chifukwa miyendo inkakana kuima nthawi yaitali. Tsiku lina itatsamira, makina anakuwa. Bwana wa sitolo, Curtis Haverland, munthu amene amakhulupirira makina kuposa mayi ake omubala, anauza mlonda kuti akhuthule matumba a jekete la nkhalambayo anthu onse akuona. Munatuluka makiyi, mankhwala ndi kansalu kominira, basi. Palibe anapepesa. Bambo Tuck sanapondenso m'sitolomo, ndipo anamwalira chipale choyamba chisanagwe.

Akuba alikodi, sindikana. Tonse timawadziwa aja oika nyama pa sikelo n'kudina chithunzi cha nthochi kuti alipire zochepa. Koma Haverland anasakaniza zonse. Anaitana Yolanda n'kumuuza kuti khadi lake likutontholetsa makina kawirikawiri, ndiye kuti akudutsitsa akuba. Anati makinawo akadzakuwanso iye osafufuza chikwama cha wogula, ntchito yatha. Ntchitoyo ndi imene inkachititsa kuti mwana wa Yolanda, wodwala mphumu, aziona dokotala, ndipo Haverland ankadziwa zimenezo.

Lachisanu madzulo kunja kunada bii, magetsi a poimika magalimoto akuthwanima. Mtsikana wina wonyamula khanda pachifuwa anapita pa makina a pakona ndi mkaka ndi matewera. Analipira zonse. Akutola jumbo yake, chitsulo chinalira, mawu aja n'kuyamba. Mtsikanayo anayang'ana uku ndi uku, nkhope itagwa ndi manyazi a munthu wosalakwa. Haverland anali atatuluka kale mu ofesi yake.

"Yolanda, chikwamacho," anatero motsitsa mawu.

"Sindichigwira," anayankha Yolanda. Anatembenukira kwa mtsikana uja. "Pita, mwanawe. Ufunditse mwanayo, kunja kukuzizira."

Anadutsitsa khadi, mtsikanayo n'kutuluka mothamanga. Koma makinawo sanatonthole. Sikelo inali yopanda kanthu, nambala za pagalasi zikukwera ndi kutsika. Haverland anati ndi mphepo ya pakhomo. Yolanda anamuuza kuti chitseko chatsekeka kale, ndipo ngati ndi mphepo, ayikepo yekha dzanja amve. Bwanayo sanasunthe.

Yolanda anali ndi mantha, koma mkwiyo unali waukulu kuposa manthawo. Anayandikira sikelo ija n'kulankhula monong'ona, ngati mmene ankalankhulira ndi nkhalambayo ili moyo.

"Bambo Tuck, tsamirani bwinobwino. Palibe amene akugwireni m'matumba lero."

Chitsulo chinalira kwa nthawi yaitali, chikutsika tonse tikuona, ngati munthu wasiya kudziletsa n'kuikapo thupi lonse. Mawu a mzimayi aja anadukira pakati. Mlonda anavula chipewa.

Haverland anayesa kukweza mawu, koma anatuluka opyapyala. Anati Yolanda wachotsedwa ntchito, abweze khadi pompo.

"Chabwino, bwana," anatero Yolanda. Anavula chingwe cha khadilo m'khosi, n'kuliika pakatikati pa sikelo. "Ilo. Tengani."

Haverland anatambasula dzanja, linafika pafupi, n'kuima m'malere. Ena amati anamva mpweya wa munthu pa dzanja lake, ena amati anangochita mantha, ine sindikudziwa. Ndinangoona akubweza dzanjalo m'thumba, n'kubwerera ku ofesi cham'mbuyo. Yolanda anavala jekete lake osafulumira, napita kwawo.

Khadilo linagona pomwepo. Wosesa analilambalala, mlonda analilambalala. M'mawa Yolanda analowa nthawi yake ya masiku onse, nagwedeza chipale ku nsapato, napita pa makina a pakona. Anapempha chilolezo kwa Bambo Tuck motsitsa mawu, natola khadi lake n'kulivala. Haverland ankayang'ana pa galasi la ofesi, ndipo sanatuluke.