Nsapato za a Lemuel Tate

Mtembo unali chagada m'kanjira ka kuseri kwa holo ya magule ya mayi Geneva Boykin, pa msewu wa 79th, mutu utatsamira chitsulo chotchinga magalimoto. Chipale chofewa chomwe chinagwa usiku chinali chitaukwirira mpaka m'chiuno. Wofufuza milandu Wendell Askew anafika 7 koloko m'mawa wa Lamulungu, nagwada, nasesa nkhope ija ndi dzanja. Anaizindikira pomwepo. Anali a Lemuel Tate, dalaivala wa basi wopuma pa ntchito, mdala amene anaphunzitsa theka la kummwera kwa Chicago kuvina sitepini, gule wa awiriawiri uja. Ngakhale Askew yemwe, pokonzekera ukwati wake, amene anamuwongola mapazi anali mdala yemweyu.

Mnzake wa ntchito, Marisol Ocasio, anali atamaliza kale mlanduwo m'mutu mwake. Jekete la suti palibe, chikwama cha ndalama palibe. Mdala anatuluka kupita ku galimoto yake, mbava inamukankha. Ndipo mbavayo anali atayigwira kale: Terrell Mims, yemwe amagona pafupi ndi mpope wotulutsa nthunzi kuseri kwa malo ochapira zovala. Chikwama chinapezeka m'sokosi mwake. Anati Lolemba amutsegulira mlandu wakupha, ndipo ndi mbiri yake ya kundende, Terrell sadzaonanso msewu.

Askew anasunthira kumiyendo kwa mtembowo. Anafukula chipale cha kumapazi. Thalauza lofiira moderapo, lositidwa bwino, ndipo kunsi kwake nsapato zovinira, zija zapansi pake pofewa ngati khutu la mbuzi. Zinali zitanyowa, mchere wothira m'misewu posungunula chipale utazidya.

Ku polisi ya pa msewu wa 111th, Terrell sanavute. Anati mdalayo anamupeza kukucha, ataumiratu, ndipo jekete analibe.

"Bwana, kuba ndinaba, sindikana. Koma ndinabera wakufa. Wamoyo ndimachita kumupempha."

"Jekete wagulitsa kwa ndani?" anafunsa Ocasio.

"Mayi, tandiyang'anani. Ndikanakhala ndi jekete bwenzi ndikunjenjemera chonchi?"

Dokotala woyeza mitembo anaimba foni cha m'ma 11. Bala la kumutu silinali lakupha, anatero. A Lemuel anakomoka chabe, ndipo chinawamaliza ndi chisanu. Munthu akanaitana ambulansi, bwenzi lero ali ndi bandeji basi.

Askew anauza Ocasio kuti adikire kaye ndi mlandu wa Terrell. Wovina sitepini nsapato zake amazinyamula m'kathumba, amavalira m'holo, amavulira m'holo. A Lemuel ankakalipira ophunzira awo akangoponda nazo pakhonde. Munthu wotero sangapite nazo ku galimoto m'chipale. Anatuluka mothamanga, osaganiza, ndipo munthu amathamanga chotero potsatira amene amamukonda.

Askew anawapeza mayi Geneva m'holo mwawo akupukuta matebulo omwe anali oyera kale. Maso anali otupa. Anamukumbutsa Askew kuti amamudziwa kuyambira ali kamnyamata koponda atsikana zala, ndipo anamupatsa khofi asanapemphe. Za usikuwo ankati sakudziwa kanthu: anthu anali ambiri, nyimbo zinali pamwamba, iwo anali pa bala akugulitsa zakumwa. Askew anapempha kuona chipinda chosungira zijasi. Mayiwo anazengereza, kenako anatsegula.

Zokolekera zonse zinali zopanda kanthu, kupatula ziwiri. Pa chimodzi panali chijasi cha a Lemuel, majombo awo ali pansi pake. Pa chinacho panali chijasi chachikazi chaubweya m'khosi.

"Mayi Geneva, ndi mzimayi uti amene anapita kwawo wopanda chijasi usiku ngati wadzulo?"

Mayiwo anakhala pampando. Anati ndi cha Odessa Pruitt. Odessa ndi a Lemuel anavina limodzi kuyambira kale, anatenga zikho zambiri, koma panalibe zachibwenzi, aliyense ankadziwa. Mwamuna wa Odessa, a Cleon, anali munthu wa mapazi olemera, ankangokhala pa tebulo la pakona n'kumasunga kachikwama ka mkazi wake, akumwetulira. Kenako Odessa anayamba kuiwala. Anaiwala njira ya ku tchalitchi, anaiwala mayina a adzukulu. Koma nyimbo ikalira, a Lemuel n'kumugwira dzanja, mapazi ankakumbukira zonse. Ndiye a Cleon ankamusambitsa, kumuveka diresi yofanana mtundu ndi suti ya a Lemuel monga mwa mwambo wa ovina, n'kumubweretsa Loweruka lililonse kuti amuoneko ali munthu.

"Wendell, mwanawe," anatero mayi Geneva, "ukapita kumeneko ugogode pang'onopang'ono."

Nyumba ya a Pruitt inali ya njerwa, pa msewu wa Eberhart, masitepe ake osesedwa bwino. A Cleon anatsegula chitseko 2 koloko masana, atavala epuloni, supuni ili m'manja. Anali bambo wamkulu thupi, wopuma pa ntchito ya ku positi. Anayang'ana Askew, anayang'ana chijasi cha ubweya chomwe ananyamula, napatuka kuti alowe.

Odessa anali pa sofa, wailesi ikulira motsitsa, phazi limodzi likugunda pansi motsatira nyimbo. Pamwamba pa zovala zogonera anavala jekete lofiira moderapo, manja ake aatali kumupitirira zala.

"Akukana kuvula," anatero a Cleon. "Tiyeni kukhitchini. Asamve."

Askew anawauza za ufulu wawo wokhala chete ndi woitana loya. A Cleon anapukusa mutu. Anati akhala chete nthawi yaitali, yakwana.

Anafotokoza mosakweza mawu. Nyimbo yomaliza isanathe, Odessa anasokonezeka, natulukira khomo la kuseri ndi diresi yokha. A Lemuel anaona msanga nathamanga. A Cleon, ndi maondo awo ovuta, anafika mochedwa, napeza a Lemuel atamufunditsa kale jekete. Anatambasula dzanja kuti amutenge mkazi wawo, azipita kunyumba. Odessa anakuwa. Anakakamira a Lemuel pachifuwa, nati amuna anga, ndithandizeni, chibambo ichi chikufuna kundiba.

"A Lemuel anatani?"

"Anachita zimene munthu wanzeru akanachita. Anandiuza kuti, Cleon, tabwerera pang'ono, ukumuopsa. Kenako anamusisita kumutu, n'kunena kuti usaope, amuna ako ndili pano." A Cleon anayang'ana supuni ija. "Ndikudziwa ankangomutonthoza. Lero ndikudziwa. Koma a Askew, ine ndi amene ndimamusintha zofunda akadziipitsira. Ine ndi amene ndimagona pakhomo kuti asatuluke. Dzina langa analiiwala chaka chatha, ndinapirira. Koma kumva munthu wina akuvomera dzina la udindo wanga, mtima unada bii. Ndinamukankha."

Askew anati kukankha kokha sikunawaphe. Anafunsa ngati anaona kuti a Lemuel akupuma.

"Ndinawamva akubuula." A Cleon anaika supuni ija pa tebulo. "Foni inali m'thumba. Ndinamulowetsa Odessa m'galimoto, ndinati ndiimba tikafika. Titafika ndinamugoneka, ndinati ndiimba akagona. Atagona ndinakhala pampando uwu. Ndinkafuna usiku umodzi wokha woti padziko pakhale mwamuna wa Odessa mmodzi. Lemuel anali mnzanga, a Askew. Suti imene wafera nayo tinakasankha limodzi."

Askew anawauza za Terrell, kuti ali m'chitolokosi chifukwa cha imfa imeneyi. A Cleon anatseka maso, nati amumasule mwana wa eni, iwo asaina chilichonse. Anangopempha kuti adikire mwana wawo wamkazi wochokera ku mzinda wa Gary, poti Odessa sangatsale yekha. Askew anaimbira Ocasio, kenako anakhala pansi. Anadikira onse awiri, wailesi ikulira kuchipinda kwina, a Cleon akumalizitsa kuphika msuzi wa nkhuku.

Mwanayo atafika, bambo ake anamuonetsa mabotolo a mankhwala, namuuza kuti aziwaphwanyira m'phala la maapozi, apo ayi mayi ake amalavula. Anavula epuloni, navala chijasi. Askew unyolo anausiya m'thumba.

Podutsa pabalaza a Cleon anaima, nawerama movutikira, namanga mabatani a jekete lija mpaka m'khosi, chifukwa pawindo pankalowa mphepo. Odessa anadzikhwinyata, nayang'ana Askew.

"Ndinu apolisi?"

"Inde, mayi."

"Mwachita bwino kubwera. Mutengeni bamboyu, wakhala akungozungulira m'nyumba mwanga muno. Ndipo mukawaona amuna anga muwauze afulumire. Nyimbo yathu yayandikira."

A Cleon anawongoka, nagwedeza mutu ngati munthu wolandira uthenga.

"Ndikawauza, mayi," anatero, natsogola kutuluka.