Nyemba Zomaliza za Malemu

Chinayamba ndi fungo. M'mawa uliwonse Mayi Wamasamba akatsegula kageti ka dimba, ankapeza mabedi ali onyowa, akununkha matope ovunda, chikhalirecho iye ankathirira masana okha, ndi madzi a pampopi. Padothi pankatsala timizere tobiriwira ngati penti.

Kenaka mbewu zinayamba kufa. Masamba anachita chikasu, ndipo akazula ankapeza mizu yaifupi, yoderako, yopanda titsitsi.

Mlangizi wa zaulimi ananunkhiza dothilo n'kukwinya nkhope. "Iyi ndi ndere ya m'dziwe lakuseri lija, mayi. Ikachuluka imatulutsa poizoni. Mizu imaleka kukula, wina amalowa m'masamba momwe. Akutunga kumeneko ndani?"

Palibe ankadziwa. Oyandikana nawo ananong'onezana kuti ndi malemu mwamuna wake, amene ali moyo sankagona osathirira. Mayiyo anawaseka, koma usiku ankamva yekha chogwirira cha ndowa chikulira kwii, kwii, mapazi akukhwekhwereza pamiyala, kenaka madzi akukhuthuka pang'onopang'ono mumdima. Chifukwa cha mantha sankatuluka.

Bedi linatsala limodzi, la nyemba zimene mwamuna wakeyo anakhala akusankha ndi manja ake zaka khumi ndi ziwiri. M'chitini chosungira mbewu munalibenso ngakhale imodzi.

Usiku wina anakhala pakhomo ndi tochi, koma tulo tinamuba. Anadzidzimuka ndi kwii uja, n'kuthamanga osavala nsapato.

Kuwala kunagwera pa apongozi ake aamuna, amene sanayankhulepo chiikireni maliro a mwana wawo. Buluku linali lonyowa mpaka m'chiuno, manja obiriwira kulekeza m'zigongono. Ndowa inali itapendekeka pa bedi lija, mulibe kanthu.

"Bambo! Mukutani?"

"Musafuule, mwanangu," ananong'ona akumwetulira. "Madzi a pampopi ndi owonda. Awa ndi onona, taonani kubiriwira kwake. Dimba la mwana wanga likufa, ndiye nyembazi ndikumazipatsa kawiri usiku uliwonse. Musavutike n'kundithokoza."

Mayiyo anayang'ana thovu likulowa m'nthaka. Anatola ndowa, n'kuwagwira dzanja loterera lija.

"Tiyeni mukagone, bambo."

Patatha masiku asanu anazula nyemba zonse m'mawa, apongoziwo asanadzuke. Zinkatuluka mosavuta, popeza panalibe mizu yogwira dothi. Akuzikwirira kuseri kwa mpanda, anamva mapazi aja akukhwekhwereza kumbuyo kwake.

"Mwanangu, zayamba maluwa?"