Dzimbiri ndi Uta wa Msuweni Wake

M'masiku a makolo, pamene Mfumu Chalunda inkalamulira linga la kunsi kwa phiri la Dzalanyama, nkhondo zolanda anthu sizinkatha, ndipo katswiri wa uta ankakhala pafupi ndi mpando wa mfumu. Pabwalopo panali asuweni awiri, Dzimbiri ndi Mlauzi. Dzimbiri anali wadzitho, wosatopa ndi kuyeserera. Komabe pa mipikisano ya pambuyo pa zokolola, Mlauzi ndiye ankalasa chikho cholendewera kunthambi. Dzimbiri ankaphonya, popeza maso ake ankathamangira kwa mfumu kuti aone ngati ikumuyang'ana.

Tsiku lina anamufunsa kuti, "Msuweni, umadya chiyani usanakoke uta?"

"Palibe," anayankha Mlauzi. "Ndikangokoka nsinga, ng'oma sindizimvanso. Mtima umakhala pansi, chikho chimakula, dzanja limataya lokha."

Dzimbiri anaona ngati akunyozedwa. Atamva kuti Mlauzi aikidwa kukhala mtsogoleri wa oponya mivi, anaimirira pamaso pa mfumu ndi nduna zake.

"Inu eni dziko, munthu amene amagontha makutu maso ali chipenyere, ndi wa mankhwala oipa. Lero akulasa chikho, mawa adzalasa mwini mpando."

Mfumu inachita mantha. Mlauzi anapirikitsidwa, nawoloka mtsinje wa Bua ndi mbumba yake, ndipo udindo unagwera Dzimbiri.

Mvula isanagwe, adani anatulukira padooko la mtsinjewo. Anzake atathawira kulinga, Dzimbiri anagwada yekha kuseri kwa mwala. Panalibe mfumu yomuyang'ana, panalibenso wopikisana naye. Atakoka uta, mfuu za adani zinazilala m'makutu mwake. Khosi la mtsogoleri wawo linaoneka pafupi ngati angaligwire, muvi n'kuchoka wokha. Wina unatsatira, winanso, mpaka adaniwo anabwerera chothawa.

Anthu anamunyamula pamapewa, koma iye mtima unkamuwawa. Tsopano anadziwa kuti panalibe mankhwala, ndi kuti bata limene iye analilawa kamodzi kokha, msuweni wake ankalowamo tsiku lililonse ngati m'nyumba mwake. Sanauze munthu. Batalo analifunafuna mpaka kukalamba, koma akakoka uta ankangoganiza za Mlauzi, muvi n'kupita pambali.

Amati adzukulu a Dzimbiri ankaimba za padooko pa chikondwerero chilichonse. Koma akafuna kuti ana awo adziwe kulasa, ankawatumiza kutsidya, kwa adzukulu a Mlauzi.