Manja a Goloboyi wa Namitete

Mtembo unapezeka Lachiwiri m'mawa, pakati pa mitengo iwiri ya bulugama imene anthu a pa Namitete ankaitcha golo. Anauona ndi amayi opita kudambo kukatunga madzi. Pamene Sajeni Gideoni Kamphinda ankatsika pa njinga yake cha m'ma seveni koloko, bwalo la mpira linali litadzaza kale ngati tsiku la masewero. Munali mu Juni, chaka cha 1947, msika wa fodya uli pachimake, koma tsiku limenelo palibe ananyamula belo.

Wakufayo aliyense ankamudziwa. Anali Rodgers, wonyamula mabelo kumsika, goloboyi wa Njati za Namitete. Sajeni anagwada n'kumuyang'anitsitsa. Panalibe bala, panalibe magazi. Kukamwa kunali thovu louma, ndipo zala zinali zitakanda dothi. Koma maso anali otsekedwa bwinobwino, miyendo yowongoledwa, ndipo wina anali atamufunditsa chiguduli mpaka pachifuwa. Pa zaka zake zonse za upolisi, sajeni anali asanaonepo mdani wofunditsa munthu amene wamupha.

Namitete wa masiku amenewo analibe zambiri zonyadira. Panali fumbi, mizere ya ngolo, ndi amuna otuwa misana chifukwa cha mabelo a eni ake. Koma likafika Loweruka, amuna omwewo ankavala malaya osokedwa kuchokera ku matumba a mchere, n'kulowa m'bwalo opanda nsapato, ndipo pamenepo ngakhale kalaliki wa ku boma ankaima kunja kwa mzere ngati wina aliyense. Chiyambire pamene Rodgers anaima pagolo, a ku Nsaru, adani awo pa mpira, anali asanamwetsepo chigoli ndi chimodzi chomwe. Ana a pa Namitete ankayamba kudziwa zimenezi asanaloweze Atate Wathu. Sajeni mwiniyo anamenyerapo timu imeneyi ali mnyamata, ndipo ngakhale mimba inali itamuletsa mpira kalekale, mtima sunamve nawo.

Anthu anali ataweruza kale mlandu. Ankati a ku Nsaru atopa ndi manyazi, ndiye atuma Yakubu, telala wa pakhonde la sitolo, yemwe mkazi wake anali wa komweko. Kodi dzulo masana Rodgers sanaonedwe akumwa tiyi pakhonde pakepo? Sajeni anapeza anyamata atamuzungulira kale telalayo, mlomo ukuchucha magazi. Anamulanda m'manja mwawo n'kukamutsekera m'kanyumba ka polisi, osati chifukwa chomuganizira, koma kuti akhale ndi moyo. Amuna anakhala pansi kunja kwa kanyumbako ndi zibonga zawo. Anati adikira mpaka maliro aikidwe, ndipo boma likapanda kumupachika, adzathetsa nkhaniyo okha. Sajeni ankadziwanso bwana wake wa ku Lilongwe: ankangofuna dzina, la aliyense, bola nkhani ithe.

M'katimo Yakubu ankanjenjemera mpaka mpando unkagogoda pansi. Tiyi sanakane, anati anamwera limodzi, ketulo imodzi, shuga mmodzi. Anatchula dzina la Mulungu katatu. Sajeni anamulola kuti amalize, kenaka anafunsa chimene Rodgers anadzera.

"Anadzayesa malaya, bwana sajeni. Koma anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu."

"Wokulumbiritsaniyo wagona pagolo paja. Malaya anji?"

"Ofiira," anatero Yakubu atazolika.

Malaya ofiira ankavala ndi a ku Nsaru. Sajeni anapita yekha kukhonde kuja, ndipo pansi pa mulu wa nsalu anawapezadi, manja ake aataliatali oti sangakwane wina aliyense m'dera lonselo. Tisabise, zinamupweteka ngati wamenyedwa khofi pagulu. Rodgers ankafuna kukaima pagolo la adani. Koma mutu wa wapolisi unagwira ntchito yake: munthu sapha mbalame imene ikulowa yokha m'khola mwake. A ku Nsaru analibe chifukwa, ndipo Yakubu analibenso.

Cha m'ma leveni koloko anafika pasiwa. Anapempha amayi kuti amutulutsire Selina, mkazi wa malemuyo, ndipo anakhala naye kuseri kwa nyumba, motalikirana monga mwa ulemu. Selina anafotokoza mawu akutha. Kwawo kunali ku Nsaru. Chikwatirane, amalume ake anawalola kukhala pa Namitete mongobwereka, chifukwa cha ntchito ya kumsika. Rodgers anapempha chitengwa kawiri, kuti mkazi akhazikike kwawo kwa mwamuna, koma amalumewo anakanitsitsa: minda ya mbumba ikugonera, mkamwini abwere adzalime. Msika ukatsekedwa anayenera kusamuka. Ndipo mkamwini wa ku Nsaru sangamadye za ku Nsaru n'kumakagwirira mpira a Namitete. Rodgers analira, anatero Selina, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

Sajeni anafunsa za adani, za mowa, za akazi ena. Zonse Selina anapukusa mutu. Kenaka anadandaula yekha, osafunsidwa, kuti chomuwawa n'chakuti mwamuna wake wapita asanalawe ndiwo zake. Kuyambira Loweruka ankakana chilichonse chothira mchere. Anazengereza pang'ono, n'kuwonjezera akuyang'ana kumbali kuti ngakhale mphasa ankayala yakeyake.

"Kodi mayi, anakuuzani kuti kuli mpira sabata ino?"

"Ayi. Ndiye n'chimene ndinadabwa nanenso."

Sajeni ankalidziwa lamulo limeneli ndi thupi lake lomwe. Womenya mpira wa Njati ankasala mchere ndi mkazi pa chifukwa chimodzi chokha: akaitanidwa kukakonzedwa ndi mankhwala a timu. Ndipo woitana anali mmodzi. Anali a Misheck, nkhalamba yosankha fodya kumsika, imene inabwera ndi mpira woyamba kuchokera ku Halale, inalambula bwalo lija ndi khasu lake, ndi kutema mphini pa msongolo wa mnyamata aliyense amene anavalapo thumba la mchere, kuphatikizapo Gideoni yemwe. Sabata imeneyo kunalibe mpira. Ndipo pasiwa ponsepo, pamene Namitete yense anasonkhana, a Misheck panalibe.

Anawapeza m'chigafa chawo, atakhala pa chitsa pansi pa fodya wopachika, manja ali pamaondo. Sanadzidzimuke.

"Wabwera, Gideoni. Ndimati atumiza mlendo."

"Ndabwera ndine, abambo. Munamufunditsa ndinu, eti?"

"Kunkazizira," anatero a Misheck.

Zotsalazo anazinena okha, mosapupuluma, ngati akusankha masamba. Rodgers anabwera kudzatsanzika, chifukwa sakanachoka mozemba kwa munthu amene anamulera pa mpira. Iwo anamuuza kuti apite, mwambo wa ukwati sungatsutsidwe, koma mankhwala amene anamutemera m'manja monga goloboyi ndi a Namitete, sangapite nawo ku Nsaru. Ayenera kuwasanza pagolo pomwe anawalandirira. Mnyamatayo anavomera mosawiringula, anasala monga mwa lamulo, ndipo Lolemba dzuwa litapendeka, bwalo lili zii, anamwa chikho choyamba. Sanasanze.

"Chachiwiri munathiramo chiyani?"

"Khungwa la mwabvi."

"Mumadziwa chimene mwabvi umachita, abambo. Ndi chifukwa chake boma linauletsa."

"Ndimadziwa," inatero nkhalambayo. "Pamene ankagwira chikho ndi manja aja, mtima unandipsa. Ndinaona a ku Nsaru akuvina pabwalo langa. Ndinati mumtima, ngati mwanayu ndi wathu, asanza, akhala moyo. Ngati watigulitsa, zake izo. Koma sanatigulitse, Gideoni. Ankafa akundipepesa kuti walephera kusanza. Ine ndinkangofuna atisiyire manja ake."

Sajeni anakhala pansi pa dothi, osasamala za yunifolomu yake, ndipo anamva chisoni chachikulu, cha wakufayo ndi cha wakuphayo. A Misheck analibe mwana, analibe munda woti n'kuloza. Anthu ankavula zipewa pokumana nawo chifukwa cha bwalo lija basi. Kunena zoona, maganizo oipa oti angobisa zonse anamufikira sajeni: kupatula Selina, palibe wina ankadziwa za mchere, ndipo bwana wa ku Lilongwe sakanafunsa. Koma anakumbukira telala akunjenjemera m'kanyumba muja, munthu amene mlandu wake unali kusoka malaya. Anawauza a Misheck za Yakubu ndi zibonga zomwe zinkamudikira. Nkhalambayo inali isanamve. Inaimirira, n'kusasa fumbi pa kabudula wake, n'kupempha chinthu chimodzi: isamangidwe unyolo mpaka itawauza anthuwo ndi pakamwa pake.

Anafika pakanyumba ka polisi cha m'ma thu koloko. Amuna aja ataona a Misheck anaimirira mwaulemu, poganiza kuti abwera kudzawatsogolera. A Misheck anaima pakhomo n'kunena zonse, osachotsa kapena kuwonjezera. Palibe anakuwa. Zibonga zinatsika chimodzichimodzi, ndipo amuna amene m'mawa anali okonzeka kuphwanya mutu wa munthu anangoti kakasi, kusowa woti amumenye. Ena anayamba kulira.

Sajeni anatulutsa Yakubu, n'kulowetsa a Misheck. Pamene ankadutsa pakati pa anthuwo, mmodzi wa omenya mpira anamugwira mkono. Sanali wokwiya. Misozi inali m'masaya.

"A sajeni, inu ndinu wathu. Bwenzi mutangotisiyira telalayu. Tsopano tatsala ndi chiyani?"

Gideoni anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono, n'kuperekeza Yakubu mpaka pakhomo pake, pomwe mkazi wa telalayo anagwa pansi atamuona mwamuna wake akubwera ndi miyendo yake. Pobwerera anadutsa msewu wonse wa pa Namitete, pakati pa anthu amene anabadwa nawo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamupatsa moni.